Mkangano wa mamilimita 368

Ku ofesi kwathu tapatsidwa ntchito yowunika ngati n'kotheka kuyendetsa sitima ya anthu apantchito ndi ageni pakati pa Limbe, Blantyre ndi Lunzu. Ndi kafukufuku chabe, palibe amene wakumba ngakhale dzenje limodzi. Koma mmene tinakokanirana sabata yathayi, mukanayesa sitimayo inyamuka mawa.

Anayambitsa zonse ndi mnzathu wachinyamata, injiniya wamutu wakuthwa ndithu. Lolemba anabwera ndi zithunzi za sitima yamagetsi ya ku Tanzania, imene inayamba kuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024. Mfundo yake inali yoti chatsopano chikhale chatsopano: njanji yotakata mamilimita 1,435, monga anachitira a ku Kenya komanso Gautrain ya ku Johannesburg. Abwana athu anangoti maso dwii pa zithunzizo.

Ine ndinakana. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, ndipo ndi yomweyo ukapita ku Nkaya, Salima, Mchinji, ngakhale kutulukira ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Kusiyana kwake ndi mamilimita 368 okha, osafika n'komwe kutalika kwa mkono, koma sitima ya njanji inayo singaponde pa yathuyi. Ndiye kuti shedi yokonzera ikhale yakeyake, zipangizo zakezake, njira yakeyake yogumula nyumba za anthu. Itafera pa Chirimba m'mawa anthu ali thithithi, palibe injini ya ku Limbe imene ingapite kukayikoka. Gautrain imene amaitamayo imayenda payokha, pamene Metrorail, sitima ya konko imene anthu wamba amadalira, ili pa 1,067. Ku Maputo anachita kugula sitima zakale za ku Auckland n'kuziika pa njanji imene anali nayo kale, chifukwa muyeso ndi umodzi.

"Akulu, mukufuna tikhalire za 1908 mpaka liti?" anandifunsa motero, kunena chaka chimene njanji inafika mu Blantyre. Funso labwino, sindikana. Koma amene adzakwere sitimayi sadzayeza njanji, adzayang'ana wotchi ndi mtengo wa tikiti.

Zamagetsi sizinatitayitse nthawi. Tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Tinagwirizana kuti ziyambe ndi dizilo, koma mlatho uliwonse watsopano wodutsa pamwamba pa njanji usiye mpata wa mawaya amtsogolo.

Lachitatu tinavala mabuti n'kuyenda pansi kuchokera pa siteshoni ya Blantyre, pafupi ndi Wenela, kutsata njanji. Tinatenga achikulire ena amene anayendetsa sitima mpaka kupuma. Njanjiyo anthu anaisandutsa msewu: ana asukulu, amayi osenza nkhuni, njinga zamakala, ndipo ngalande zina zatsekeka ndi majumbo. Achikulirewo anamvetsera mkangano wathu kwa kanthawi, kenako anaima, n'kugogoda chitsulo ndi ndodo yawo. "Ana anga, njanji ndi imodzi iyi. Yanuyo ikakumana ndi yakatundu, ipatuke iti?"

Apa m'pamene pagona nkhani. Kuyambira 1999 njanjiyi ili m'manja mwa kampani, ndipo ndalama zimachokera ku katundu. Sitima yakatundu ndi yaitali, yolemera, ndipo pokwera chitunda cha ku Limbe imachita kukwawa. Yathuyo kuti ilande anthu ku minibasi iyenera kubwera pafupipafupi, osati kawiri patsiku. Popanda malo opatukirana, munthu adzakhala m'bogi pa Makata kudikira mabogi a feteleza adutse, mawa lake abwerera pa siteji. Komanso zokokera ndi mabuleki ziyenera kugwirizana ndi za injini zimene zilipo kale, ndipo woyendetsa azilandira chilolezo kwa munthu mmodzi yemweyo amene amalamula sitima zinazo. Izi pa zithunzi zija sizioneka.

Chimene chinandidyera mutu kwambiri ndi zitseko. Lachinayi pa Lunzu tinacheza ndi mayi wina wogulitsa tomato, madengu awiri ali pansi, mwana kumsana. Nditawafotokozera, sanafunse za liwiro. Anati, "Achimwene, dengu ili lilowera pati?" Mabogi amene timawadziwa a ku Balaka ndi Nayuchi ali ndi kakhomo kopapatiza kumapeto, ndi masitepe oti munthu agwire ndi manja onse pokwera. Paulendo wautali zilibe kanthu. Pa sitima yoima paliponse, mayi mmodzi akachedwa pakhomo ndiye kuti onse achedwa, ndipo ndondomeko yonse yopatukirana ija yasokonekera. Pafunika zitseko zotakata zapakati, mipando yochepa, ndi malo oikapo madengu ndi matumba. Mnzathu uja anati tikweze pulatifomu ifanane ndi pansi pa bogi. Nzeru yabwino, koma pulatifomu yokwezedwa ikayandikira njanji ikhoza kukhulana ndi mabogi akatundu, ikatalikira mwendo wa mwana ulowa pampatapo. Tinajambula, kufufuta, kujambulanso mpaka a kabaza atayamba kuweruka.

Lachisanu abwana anagamula mwaubwana: lipoti likhale ndi njira zonse ziwiri, iliyonse ndi mtengo wake, eni ndalama akasankhe okha. Sindinakondwe nazo kwenikweni, poti chonyezimira sichichedwa kukopa anthu a m'maofesi. Komabe mutu wa zitseko ndi pulatifomu anaupereka kwa mnyamata uja, ndipo wapempha yekha miyeso ya mabogi akatundu. Ine ndatsala ndi kupeza malo opatukirana pakati pa Blantyre ndi Lunzu pomwe sipafunika kusamutsa mabanja ambiri, ndipo pamapu amene tili nawo nyumba zambiri za ku Chirimba sizikuoneka.