Tizilombo ta pansi pa nyanja yamchere timatayikira pa sefa

Matope ochokera mamita 4,000 pansi pa nyanja yamchere amaoneka ngati phala lozizira, koma muli moyo. Tizilombo take timadutsa pa sefa ya milimita imodzi n'kutsalira pa sefa ya ma micron 32 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000). Sefa ya ufa ya mumsika wa Limbe tingangodutsamo ngati madzi. Mwa tizilombo 10 tilitonse, pafupifupi 9 ndi tinyongolotsi ta nematode, ndipo ma copepod, tizilombo ta m'gulu la nkhanu, ndiwo amatsatira.

Tambiri timakhala pa sentimita yoyamba ya matope. N'chifukwa chake akatswiri amakonda multicorer, chida cha mapaipi angapo chimene chimatera pang'onopang'ono. Chida cholemera chikagwa mwamphamvu, madzi amene chimakankha amauluza matope apamwambawo, ndiye mumakweza zotsalira. Matope a m'paipi amadulidwa sentimita imodziimodzi mpaka masentimita 5.

Posunga m'pamene ambiri amalakwitsa. Formalin (mankhwala oletsa kuola) wa 4 peresenti wothira borax amasunga bwino maonekedwe a thupi, koma amaononga DNA. Ethanol amasunga DNA koma amakwinyikitsa tinyongolotsi mpaka pakamwa osaoneka, pamene mano ndi mchira ndizo zimasiyanitsa mitundu. Gawani matopewo pawiri musanathire mankhwala alionse.

Ku labotale matopewo amasakanizidwa ndi Ludox, mankhwala amadzi olemera kuposa madzi wamba, n'kuzunguzidwa katatu mu centrifuge, makina ozungulira mwaliwiro: mchenga umamira, tizilombo timayandama. Utoto wa Rose Bengal umatipaka mtundu wa pinki kuti tioneke pa maikulosikopu. Potsuka pa sefa musatsegule mpopi kwambiri, madzi amphamvu amathyola timiyendo ta copepod. Nematode imalowetsedwa mu glycerine pang'onopang'ono, mukapupuluma imafwamphuka.

Kupereka mayina ndiye ntchito yochedwa. Gulu la tizilombo totere lotchedwa Loricifera linapatsidwa dzina mu 1983 ndi Reinhardt Kristensen, amene anatiyoyola pa mchenga pouviika m'madzi opanda mchere. Ku Clarion-Clipperton Zone, dera la pansi pa nyanja ya Pacific, kafukufuku wa mu 2023 anawerenga mitundu yoposa 5,000 ya zamoyo, ndipo pafupifupi 90 pa 100 iliyonse inalibe dzina.

Wina anganene kuti tingoyesera pansi pa nyanja ya Malawi, poti ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Vuto n'lakuti kupitirira mamita 250 kulibe okosijeni. Wophunzira wa kuno ku Blantyre ayambe ndi matope a mumtsinje wa Mudi, atavala magolovesi. Ma nematode alimo, ndipo kagwiridwe ka sefa n'komweko.