Kamlomo ka masentimita 4 kamene kamatidyetsa

Atate anali mmisiri wa malata chapafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Ankakhoma mbaula, zidebe, mafanelo ndi zothirira dimba, ndipo ine ndinakulira m'phokoso la nyundo, moti mpaka lero pakhomo pakangoti zii ndimaona ngati pagwa zovuta. Miyendo itayamba kuwavuta anandisiyira sizasi yodulira malata, chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo, ndi kabuku ka anthu angongole amene ambiri a iwo sanabwerenso. Nthawi imeneyo zidebe za pulasitiki zinali zitadzaza kale m'masitolo a ku Down Shops, zopepuka, zamitundumitundu, zotsika mtengo. Ndani akanagula chidebe changa cholemera ngati mtondo?

Ndiye ndinatembenukira ku madenga. Anthu anali kumanga kwambiri ku Kalongwezi, ku Moth ndi m'mbali mwa msewu wa ku Mwami, ndipo nyumba iliyonse inkafuna magata olandira madzi a mvula ndi malata a pamsonga pa denga. Mayi a kunyumba atalandira chilimba chawo, ndalama zija amasonkherana mosinthana ndi anzawo, tinaphatikiza ndi zanga zochepa n'kugula makina akale opindira malata, aja oyendetsa ndi manja. Anachokera ku Lusaka pa lole ya feteleza, makilomita oposa 500, ndipo kuwatsitsa kokha kunafuna amuna asanu ndi mmodzi ndi chigubu cha maheu. Bizinesi yathu inayambira pamenepo, ine ndi mnyamata mmodzi, mwana wa achemwali anga.

Za masili a mawindo sindinkaziganizira n'komwe. Kwa ine sili inali ntchito ya womanga nyumba, kashelufu ka simenti kapena ka njerwa zopendeka pansi pa windo, basi.

Tsiku lina mlamu wanga, amene ndi mmisiri wa pulasitala, anandiimbira foni ali ku Mfuwe. "Alamu, makina anu aja angapinde lata lotalika mamita awiri? Bwerani mudzaone zachilendo kuno, nyumba taiveka bulangeti." Ndinaseka, koma m'mawa mwake ndinakwera galimoto.

Amene sanafikeko ku chigwa cha Luangwa mu October sangamvetse chifukwa chake munthu angaveke nyumba bulangeti. Ife ku Chipata tili pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo madzulo kamphepo kamatsika m'mapiri. Ku Mfuwe n'kutsidya lina la moyo. Kutentha kumapitirira madigiri 40, khoma la njerwa limamwa dzuwa tsiku lonse, kenaka usiku limalavulira moto wonsewo m'chipinda. Mwini wa malo ogona alendo amene mlamu wanga ankagwirako anakhalapo ku Ulaya, kumene amakuta makoma kunja kuti kutentha kwa m'nyumba kusathawe nthawi yachisanu. Iye anaganiza kuti chotchinga chomwecho chingaletse dzuwa kufika pa njerwa, ndipo sanalakwe ayi.

Kachitidwe kake n'kotere. Amatenga mathabwa a polystyrene, chinthu choyera chopepuka chija chimene chimabwera m'katoni ya firiji yatsopano, n'kuwamata kunja kwa khoma ndi simenti yomatira, n'kuwakhomereranso ndi zikhomo zapulasitiki za mitu yaikulu. Pamwamba pake amapaka pulasitala wopyapyala, amamizamo ukonde wa fibreglass kuti asang'ambike, kenaka n'kutsiriza ndi pulasitala wina wokongoletsa. Pamenepo anagwiritsa ntchito mathabwa a mamilimita 100. Khoma linanenepa, ndipo masili akale a simenti, amene ankatulukira kunja masentimita 5 okha, anangomira m'kati. Windo linatsala m'phanga. Madzi a mvula otsika pa galasi akanangofikira pamwamba pa polystyrene n'kulowa kuseri kwake, kumene palibe dzuwa kapena mphepo yoti iwaumitse.

Ankafuna munthu wopinda malata oti avundikire sili yakale, awoloke polystyrene ndi pulasitala, n'kukatayira madzi kunja. Ndinati iyi ndi ntchito ya mwana wa sukulu. Ndinayesa windo limodzi, ndinawonjezera mamilimita 100 a thabwa lija, ndinabwerera ku Chipata n'kupinda masili onse mofanana ngati mabisiketi. Mwini malo anasankha aluminiyamu wopakidwa utoto wakuda bii kuti agwirizane ndi mafelemu. Tinakhoma ndi masikuluwu mwamphamvu, m'mbali monse mlamu wanga n'kukwirira ndi pulasitala, tinalandira ndalama, ndinagulira mayi a kunyumba chitenje.

Foni inalira mu December, mvula itagwa kangapo.

Nditafika ndinaona manyazi anga atajambulidwa pa khoma. Pa ngodya ziwiri za pafupifupi windo lililonse panali mizere yakuda yotsika pansi ngati ndevu za mbuzi. Pena pulasitala anali atang'ambika pomwe lata linalowera. Pa windo lina la kumadzulo ndinakanikiza ndi chala n'kumva kuti m'kati mwafewa, ndipo titang'amba pang'ono tinapeza nyerere zitayamba kale kuboola tinjira mu polystyrene wonyowayo. Mwini malo sanakalipe. Anangondipatsa botolo la madzi n'kunena kuti ndithire pa sili ndione okha kumene akupita.

Zolakwa zanga zinali zingapo, ndipo ndimazifotokoza kwa mnyamata aliyense amene ndamulemba ntchito. Poyesa ndinaiwala simenti yomatira ndi pulasitala, zomwe pamodzi zimadya sentimita imodzi kapena iwiri, ndipo ndinaiwalanso kuti khoma lomangidwa ndi manja silikhala loongoka ngati chingwe. Pa windo lina lata linatulukira masentimita 3, pa lina linangolekezera pa nkhope ya khoma, madzi n'kumangoyenderera pa pulasitala. M'mbali sindinapinde timakutu toimirira, choncho madzi ofika kumapeto kwa sili ankalowa m'khoma m'malo mobwerera kutsogolo. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri, ine mwana wa mmisiri wa malata, n'chakuti lata limayenda. Aluminiyamu akatentha amatalika pafupifupi mamilimita 0.023 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Ziwerengerozo zimaoneka ngati zachibwana, koma sili yakuda ya mamita awiri, ikachoka pa kuzizira kwa m'bandakucha kufika pa dzuwa la masana n'kusintha ndi madigiri 50, imatalika kuposa mamilimita awiri. Tsiku lililonse inkakankha pulasitala, usiku n'kubwerera, mpaka anang'ambika mu October momwemo. Mvula ya November inangopeza khomo lotsekula kale.

Nditawafotokozera atate madzulo ake, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe, madzi saiwala khwawa. Unawapatsa khwawa wekha, ndiye ukudandaula chiyani?" Mayi a kunyumba anangofunsa kuti, "Nanga chitenje chija ndibweze?"

Tinachotsa onse n'kupinda ena ndi ndalama zathu. Phindu la ntchitoyo linathera pamenepo, ndi lina la magata a mwezi wotsatira. Panali usiku wina umene ndinaganiza zongozimitsa foni, pakuti ku Mfuwe n'kutali ndipo ndani akanandilondola? Chinandiletsa ndi mlamu wanga, amene dzina lake linali pa khoma lomwelo, ndipo ndi iye amene ananditchula kwa abwanawo.

Masili achiwiri aja alipobe, ndipo mmene tinawapangira ndi mmene timapangira mpaka lero. Sitiyesa khoma lakale. Timafunsa kaye makulidwe a chilichonse chimene chidzaikidwe pakhomapo, timayesa windo lililonse palokha, kumanzere, pakati ndi kumanja, n'kulemba nambala pa felemu ndi pa lata lake. Sili iyenera kutulukira kunja kwa pulasitala womaliza masentimita 3 mpaka 5, ife timakonda 4. Kutsogolo timaipinda kuloza pansi, n'kubwezanso kamlomo pang'ono m'kati, kuti dontho likafika pamenepo lisowe pogwira, ligwe pansi. Kamlomo kameneka ndiye katundu amene timagulitsa, zina zonse n'zongokaperekeza. Kupendeka kwa sili kusachepere madigiri 5, kapena tinene kuti pa masentimita 10 aliwonse itsike pafupifupi sentimita imodzi. Kumbuyo timapinda mpendero woimirira umene umalowa pansi pa felemu, osatseka timabowo ta felemu totulutsira madzi, chifukwa ndaonapo amisiri akumata timabowo timeneti ndi silikoni poganiza kuti akonza. M'mbali timaika timakutu, ndipo pakati pa khutu ndi pulasitala timasiya kampata kodzaza ndi tepi yofewa kuti lata lizipuma. Mabowo a masikuluwu timawakulitsa pang'ono pa chifukwa chomwecho. Sili ikapitirira mamita atatu timaidula pawiri n'kulumikiza ndi kachigamba kapansi.

Panalinso china chimene palibe anatichenjeza. Mvula ikamagwa pa lata lopanda kanthu kunsi kwake imalira ngati ng'oma ya gule, ndipo mlendo amene walipira ndalama zambiri kuti amve mvuu zikulira usiku safuna kumva ng'oma yathu. Tsopano timamata mphira kunsi kwa sili iliyonse yaikulu.

Ndisaname, nyumba zovekedwa polystyrene kuno Kum'mawa n'zowerengeka. Zipangizo zake zimachokera kutali ndipo mtengo wake si wa munthu womanga ndi ndalama za fodya kapena soya. Tikanadikira ntchito zoterezi bwenzi titatseka kalekale. Chimene ntchito ya ku Mfuwe inandipatsa ndi maso. Nditabwerera ku Chipata ndinayamba kuona ndevu zakuda zija paliponse, pa nyumba zatsopano zokongola, pa masitolo, ngakhale pa matchalitchi. Womanga amaumba sili yosalala bwino koma osadula kangalande kunsi kwake, madzi amazungulira mlomo n'kubwerera ku khoma. Wina amapakanso pulasitala wachiwiri pa nyumba yakale, kapena amamata miyala yokongoletsa, sili n'kumira chimodzimodzi ngati ku Mfuwe kuja. Kuyambira November mpaka March khoma limamwa, limamera ndere, penti amafufuma, ndipo m'kati mwa chipinda pansi pa windo mumanunkha chinyontho. Mwini nyumba amagula penti wina chaka chilichonse n'kumanena kuti penti wa masiku ano ndi wachabe.

Kwa anthu otere sitigwiritsa ntchito aluminiyamu kawirikawiri. Timapinda malata achitsulo opakidwa kale utoto, aja ambiri amangowatchula kuti Chromadek, amene ndi otsikirapo mtengo ndipo akatentha amatalika pafupifupi theka la mmene aluminiyamu amachitira. Vuto lake ndi dzimbiri, n'chifukwa chake m'shopu mwathu gulainda saloledwa kukhudza lata la sili. Amawotcha utoto ndi zinki wa m'mphepete, ndipo tizitsulo timene amamwaza timadzachita dzimbiri pamwamba pa utoto. Timadula ndi sizasi ya atate yomwe ija, pang'onopang'ono, anyamata akung'ung'udza.

Chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuthima maola ochuluka, anzathu owotcherera mageti ankagona pa ntchito kudikira kuti magetsi abwere pakati pa usiku. Ife makina athu akale aja, amene anthu ankawaseka, ankangofuna nsima m'mimba mwa wopinda. Chinatipweteka n'china: mvula itasowa, ndevu pa makoma sizinaoneke bwino, ndipo munthu amene chimanga chake chapserera m'munda saganiza za windo. Miyezi imeneyo tinabwerera ku mbaula, pakuti nyumba iliyonse inali kuphikira makala. Atate anasangalala ngati awina mlandu.

Lero tilipo asanu. Makasitomala ambiri amatipeza pa WhatsApp, amatumiza chithunzi cha windo n'kufunsa mtengo, koma sindipinda kanthu ndisanafike ndi tepi yanga, ngakhale kukhale ku Katete kapena ku Lundazi. Ena amakwiya nazo. Mayi wina wa ku Kalongwezi, mphunzitsi wopuma ntchito, atamva mtengo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kunena kuti, "Mwana wanga, kachidutswa ka lata kakang'ono kameneka ndalama zonsezi?" Ndinati, "Amayi, mundibwereke kapu ya madzi." Ndinathira pa sili yawo ya simenti, tonse tinaona madzi akuzungulira mlomo n'kutsetsereka pa penti wawo watsopano. Kenaka ndinaika kachidutswa kathu kachitsanzo n'kuthiranso, madontho n'kumagwera pa maluwa. Anagula ya mawindo awiri okha a mbali imene mvula imawomba, n'kunena kuti enawo tikambirana akaona mmene khoma lidzakhalire ukadzapita mwambo wa Angoni wa Nc'wala.

Nc'wala inachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa February monga mwa masiku onse, ndipo sabata yotsatira anaimba foni. Sananene za khoma. Anangofunsa ngati tepi yanga ndikadali nayo, n'kuwonjezera kuti ndibwere m'mawa chifukwa masana amapita ku kwaya.