Ku Ann Arbor: Msewu Woyera wa Oyimbira ndi Makochi Osaugwira Mtima

Sitima ya Amtrak yotchedwa Wolverine imanyamuka pa Union Station ku Chicago n'kukafika ku Ann Arbor, m'dera la Michigan, patatha maola anayi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Nthawi ya ku Michigan ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye ngati masewero a mpira wa ku America (American football) akuyamba 12 koloko masana, fikani Lachisanu. Malo ogona amadzaza msanga ndipo amakwera mtengo timu ya University of Michigan ikamasewera pakhomo, n'chifukwa chake alendo ambiri amagona ku Ypsilanti kapena kufupi ndi bwalo la ndege la Detroit.

Kuchokera pa siteshoni mumalowa mu Main Street n'kulunjika kummwera wapansi, mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, m'khamu lovala zachikasu ndi zabuluu. Michigan Stadium, yomwe eni ake amati Big House, inatsegulidwa mu 1927 ndipo mumalowa anthu 107,601. Mukakhala panja simuona kukula kwake chifukwa mbali yaikulu inakumbidwa pansi. Mumalowa cha pamwamba n'kumatsika masitepe. Chikwama cha mtundu uliwonse sichiloledwa, ngakhale ka m'manja ka amayi. Valani jekete la matumba akuluakulu, makamaka mu November pamene chisanu chimalowa m'mafupa, ndipo ma binoculars muwakoleke m'khosi.

Ma binoculars amenewo ine ndinawatengera m'mphepete mwa bwalo, momwe mumayenda oyimbira ndi makochi.

Munthu wozolowera mpira wathu wamiyendo amayamba wadabwa ndi kuchuluka kwa oyimbira. M'magemu a masukulu akuluakulu alipo 8, onse ovala malaya a mizere yakuda ndi yoyera, aliyense ndi wezulo komanso kansalu kachikasu koponya akaona cholakwa, komanga kolemera kumapeto kuti kaponyeke patali. Kumsana kwa aliyense kuli chilembo cha udindo wake. Wa R ndiye mkulu wawo, yekhayo wovala kapu yoyera komanso wolengeza zilango pa chimkuzamawu. Amaima kumbuyo kwa timu yomwe ili ndi mpira, diso lili pa quarterback, wosewera amene amatsogolera timuyo ndi kuponya mpira. Mbali inayo ya kumbuyo komweko kuli wa C, amene amaika mpira pansi. Wa U amaima pakati pa otchinga, pomwe pamagundana zimphona, kuyang'ana ogwirana mosaloledwa. A H ndi L amaima m'mphepete moyang'anizana, pa mzere pomwe mpira wayambira. A S ndi F ali m'mphepete momwemo koma mayadi pafupifupi 20 kutsogolo, ndipo wa B amakhala kutali pakati, akuyang'aniranso wotchi ya masekondi 40 yomwe timu iyenera kuyambitsira sewero lotsatira.

Ndiye kuti mbali iliyonse ya bwalo ili ndi oyimbira awiri amene ntchito yawo yonse amaigwirira pamphuno pa benchi. Iwowa amasinthana mbali pa nthawi yopuma, kuti kochi aliyense akumane ndi magulu onse awiri.

Kunja kwa mzere wa m'mphepete kuli msewu wopakidwa utoto woyera, wotambalala mafiti 6, omwe ndi pafupifupi mamita 1.8. Mpira ukakhala kuti ukuseweredwa, msewu umenewo ndi wa oyimbira okha. Kuseri kwake kuli mafiti ena 6 a makochi, ndipo osewera amene sali m'bwalo amaima kumbuyo kwa pamenepo. Dera lonse la timu limayambira pa mzere wa mayadi 20 mbali ino kukafika pa wa mayadi 20 mbali inayo. Kale linkathera pa 25, koma linakulitsidwa mu 2021. Sewero likatha kochi atha kuponda poyerapo kuti apereke malangizo, koma mpira usanayambenso ayenera kubwerera.

Chifukwa chake mumachiona ndi maso mukatsatira wa S kapena wa F pa mpira woponyedwa patali. Amathamanga chambuyo kapena chammbali, mutu utatembenukira m'bwalo, chifukwa ayenera kuona ngati phazi la wowakha lakhudza mkati. Ku koleji phazi limodzi ndi lokwanira, pamene ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, amafuna awiri, ndipo nkhani yake imakhala ya masentimita ochepa. Munthu woteroyo sangaone zomwe zili panjira yake. Kochi akaima poyerapo, woyimbira amamuomba ali pa liwiro n'kuvulala, kapena amachotsa diso pa sewero kuti amulambalale, n'kuphonya chinthu chomwecho chimene kochiyo adzakalipire pambuyo pake.

Zilango zake zimakwera pang'onopang'ono. Koyamba ndi chenjezo lopanda mayadi: kansalu kamaponyedwa, wa R amalengeza, basi. Kachiwiri ndi kachitatu timu imabwezedwa mayadi 5. Kuyambira kachinayi ndi mayadi 15. Koma woyimbira akagundana ndi munthu wa pabenchi m'msewu woyerawo, palibe za chenjezo, ndi mayadi 15 pomwepo. Pa gemu yomwe ndinaonera, benchi ya alendo inachenjezedwa koyambirira ndithu, ndipo kuchokera pamenepo msewu wawo unali mbee mpaka kumapeto. Maganizo anga ndi akuti gulu la oyimbira lomwe limazengereza chenjezo limadzipalira lokha moto. Benchi ikazolowera kusefukira kwa mphindi 50, kansalu koponyedwa kutatsala mphindi zitatu kamaoneka ngati kukondera, ngakhale lamulo lili lomwelo.

Matimu amadziwa kuti kochi mtima ukakwera saona utoto, choncho amasankha munthu amene amamutcha get-back coach, kawirikawiri mmodzi wa ophunzitsa zolimbitsa thupi. Ntchito yake ndi kukuwa kuti anthu abwerere m'mbuyo ndi kukankha mzere wa osewera ndi manja otambasula. Ena amagwira kochi lamba wa thalauza n'kumukokera kumbuyo sewero likamayamba. Brent Venables ali wotsogolera otchinga ku Clemson anatchuka nazo zimenezi, moti makamera ankamusaka dala iye ndi womukokayo. Anthu amaseka, koma munthu ameneyu amapulumutsa mayadi enieni.

Kuponda poyera ndi nkhani ina, kulowa m'bwalo kukatsutsa chigamulo ndi inanso. Kuyambira mu 2017 oyimbira anauzidwa kuti kochi wolowa m'bwalo kudzakangana alandire mayadi 15 osayamba wachenjezedwa. Timu yake ikakhala kuti ikutchinga, adani amapatsidwanso first down yaulere, kutanthauza mwayi wina kanayi woyesa kupititsa mpira kutsogolo. Ndipo kuyambira mu 2016, kochi wolakwa kawiri mwa mtundu umenewu m'gemu imodzi amatulutsidwa, osaonekanso pabwalo. Scot Loeffler wa Bowling Green anatulutsidwa motero mu 2021 pa gemu ya ku Buffalo, zilango ziwirizo zitabwera motsatizana.

Bwalo la Ann Arbor lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Mu 1971, Michigan ikutsogola 10 kwa 7, Thom Darden anawakha mpira womwe Ohio State inaponya chakumapeto. Woody Hayes, kochi wa Ohio State, ankakhulupirira kuti Darden anayamba wagunda wosewera wake mpira usanafike. Analowa m'bwalo, anapatsidwa chilango, kenako anakaphwanya zikwangwani za m'mphepete zoonetsa ma down, kutanthauza kuti timu ili pa mwayi wachingati. Zaka zisanu ndi ziwiri pambuyo pake, pa gemu yotchedwa Gator Bowl ya mu December 1978, anamenya chibakera Charlie Bauman wa Clemson amene anali atangowakha mpira n'kugwera kufupi ndi benchi ya Ohio State. M'mawa mwake ntchito inatha. Hayes anali kochi wa zikho zambiri, ndipo anyamata ake ndi amene anasenza zotsatira za mkwiyo wake masiku onse awiriwo.

Kochi wodziwa ntchito ali ndi njira zololedwa, ndipo ndi zomwe zimandisangalatsa kuonera. Yoyamba ndi kulankhula ndi wa H kapena wa L pakati pa masewero, ndi mawu apansi: wakuti nambala yakuti akugwira jezi ya mnyamata wanga, tamuyang'aneni. Woyimbira wabwino amamva, amauza mnzake amene ali ndi dera limenelo, ndipo pa chilango chilichonse amabweretsera kochi nambala ya wolakwa ndi chomwe wachita. Yachiwiri, kochi wamkulu akaona kuti lamulo lagwiritsidwa ntchito molakwika atha kupempha kukambirana ndi wa R. Akapezeka kuti sanalondole, amataya timeout (mwayi woimitsa gemu kwakanthawi) imodzi mwa zitatu za chigawo chimenecho. Yachitatu ndi kutsutsa kudzera pa kanema. Ku koleji saponya kansalu kofiira ngati ku NFL. Kochi amapempha timeout n'kunena chomwe akutsutsa. Ali ndi mwayi umodzi, ndipo akapambana amatsala ndi wina umodzi womaliza. Ambiri amautaya pachabe chifukwa chopupuluma, poti woyimbira wa pakanema amaunika kale sewero lililonse ndipo atha kuimitsa gemu yekha. Big Ten, ligi yomwe Michigan imasewera, ndiyo inayamba kuyesa njira imeneyi mu 2004. Koma kanema sagamula zonse: kugwirana pa mzere kapena kusokoneza wowakha mpira zimatsalira diso la amene ali pabwalo, ndipo mikangano yambiri ya m'mphepete imachokera pamenepo.

Makochi nawo madandaulo awo si opanda pake. Oyimbira a ku koleji si a ntchito yokhazikika. Mkati mwa sabata ambiri ali ku ntchito zina, ndipo amalembedwa ndi ligi iliyonse payokha, choncho kaimbidwe kamasiyana pang'ono gemu ikaphatikiza matimu a maligi awiri. Chilango cha targeting, chogunda ndi nsonga ya chipewa kapena kulunjika kumutu kwa wosewera amene sangadziteteze, chimatulutsa munthu kuyambira mu 2013, ndipo pa lamulo la chaka chimenecho, chikachitika m'chigawo chachiwiri ankaphonyanso chigawo choyamba cha gemu yotsatira. Kochi woluza mtsogoleri wa otchinga motero sangakhale chete, ndipo ndimamumvetsa. Komanso makochi amasanthula buku la malamulo kufunafuna mipata. Mu October 2024 timu ya Oregon ya kochi Dan Lanning inalowetsa otchinga 12 kumapeto kwenikweni kwa gemu ndi Ohio State. Inalipira mayadi 5, koma masekondi anayi anapita, ndipo inapambana 32 kwa 31. Pasanathe sabata akuluakulu a malamulo anatseka mpatawo: tsopano zikachitika m'mphindi ziwiri zomaliza za chigawo, timu yolakwiridwa itha kubwezeretsa wotchi.

Ngati mukufuna kuona zonsezi, musagule mpando wa m'munsi kuseri kwa benchi, chifukwa mudzangoona misana ya osewera. Mizere ya pakati, moyang'anizana ndi benchi yomwe mukufuna kuiona, ndiyo imaonetsa msewu woyera wonse. Benchi ya alendo ili kum'mawa, mbali yomwe kuli khomo lokhalo lomwe matimu onse awiri amalowera ndi kutulukira. Gemu ya mphindi 60 imatenga maola opitirira atatu, ndipo kutuluka m'khamu la anthu oposa 100,000 kumadya nthawi yakenso, ndiye tikiti ya sitima yobwerera ku Chicago mugule ya madzulo kwenikweni kapena ya Lamlungu.