Kani ndi sopo weniweni!

Anzanga, zaka zonsezi ndimaganiza kuti dzina lakuti soap opera (masewero a nkhani yopitirira a pa wailesi ndi TV) ndi nthabwala chabe. Ayi ndithu. Kampani ya Procter & Gamble ya ku Cincinnati, yopanga sopo, inkalipira masewero a pa wailesi m'ma 1930 kuti amayi akamamvera apakhomo, azimvanso za sopo wake. Kenaka inayamba kupanga yokha masewerowo.

Guiding Light, imodzi mwa nkhani za kampaniyi, inayamba pa wailesi mu 1937, n'kulowa pa TV mu 1952, ndipo inadzatha mu 2009. Zaka 72! Agogo, mwana ndi mdzukulu kukhalira nkhani imodzi. As the World Turns nayo inayenda kuchokera mu 1956 mpaka 2010.

Koma chandigwira mtima ndi chizindikiro chakale cha kampaniyi: nkhope ya munthu m'mwezi ndi nyenyezi 13, zoimira madera 13 oyambirira a America. M'ma 1980 kunabuka mphekesera yoti n'chausatana. Bodza lenileni, koma linafala moti mu 1985 anayamba kuchichotsa pa katundu wawo. Ine ndimachiona chokongola kuposa zilembo ziwiri zouma za P&G za masiku ano.

Alipo amene amadikira sewero lithe kuti aone chizindikiro cha opanga, kapena ndi ine ndekha?