Mwana wa Kunyanja Apalasa Chammbuyo ku Bled

Kwa zaka 12 za banja lathu, mkazi wanga wakhala akumva nyimbo imodzi: ine ndine mwana wa kunyanja. Iye kwawo ndi ku Dedza, ndipo ndinkakonda kumuseka kuti madzi ambiri amene anawaonapo ali mwana ndi a m'ndowa. Ine ndinakulira ku Nkhotakota. Chimene sindinafotokoze bwinobwino n'chakuti bambo anga anali mphunzitsi, nyumba yathu inali kumtunda, ndipo m'bwato ndinkakweramo ngati katundu, malume akupalasa, ine ntchito yanga kukapa madzi ndi chitini.

Masiku ano tikukhala ku Leeds, ku England. Mu Meyi tinasonkha tindalama n'kupita ku Slovenia kukapuma, pamodzi ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mayiwa, mnyamata amene foni siichoka m'manja mwake. Tinanyamuka m'mawa pa basi ku Ljubljana, ndipo dzuwa lisanakwere tinali tafika ku nyanja ya Bled.

Malowo ndi okongola, bodza ayi. Madzi obiriwira, oyera moti umaona nsomba, mapiri a Alps atavala chipale chofewa pamutu, linga lakalekale litakhala pamwamba pa thanthwe lotalika mamita 130, lomwe akuti mabuku analitchula kale mu 1011. Pakati pa madzi, kachilumba kokhala ndi tchalitchi. Mkazi wanga anangoti kukamwa yasa. Ine, m'malo moyamikira, ndinaika manja m'thumba.

"Iyi ndiye nyanjayo? Makilomita awiri okha? Kwathu ili timati dziwe. Nyanja yeniyeni Ilala imayenda masiku osafika kumapeto."

Opita kuchilumba amakwera mabwato athabwa otchedwa pletna, okhala ndi kadenga ka nsalu. Mumalowa anthu pafupifupi 20, ndipo bambo mmodzi amapalasa ataimirira kumbuyo ndi nkhafi ziwiri. Ndi ntchito yosiyirana m'mabanja, bambo kusiyira mwana.

"Bambo a mwana, tiyeni tikwere amenewa," anatero mkazi wanga.

Nditamva mtengo wake n'kuuchulukitsa katatu, kenako n'kuusintha m'makwacha (matenda amenewa sachira ngakhale ukhale kunja zaka zingati), mtima unandiwawa. Pafupi pomwepo amabwereketsa timaboti topalasa wekha, kulipira pa ola.

"Ine ndilipire munthu kuti andipalasire? Malume atamva angandichotse pa mtundu."

Tisanakwere tinagula keke yotchuka ya kumeneko, kremšnita, imene inayambira pa Hotel Park mu 1953. Ndi keke yamakonakona, pansi ndi pamwamba pokhutchuka, pakati kasitadi ndi kirimu wodzaza, wonjenjemera ukaigwedeza. Zidutswa zitatu m'kabokosi, zokadyera kuchilumba. Mlamu anakhala kutsogolo kwa boti, bokosi pamiyendo. Mkazi wanga kumbuyo. Ine pakati.

Mnyamata wobwereketsa maboti anayamba kundilangiza, ine ndinamuimitsa ndi dzanja. Ndinakhala moyang'ana kutsogolo monga achitira munthu wanzeru zake, n'kuzula nkhafi imodzi pa kachitsulo kake kuti ndipalase mwachikwathu. Nkhafi yake! Yaitali ngati phaso la denga. Nditaitembenuza kuti ndiponye mbali inayo inatsala pang'ono kuchotsa wigi ya mkazi wanga. Mnyamata uja anafuula ali pagombe, akuzunguza chala m'mwamba: tembenukani, muyang'ane kumbuyo, nkhafi zonse ziwiri.

Apa ndiye pamene ine ndi azungu tinasiyana maganizo. Munthu ukupita kuchilumba, iwe n'kuchipatsa nkhongo? Ukuyang'ana kumene wachokera ngati mkamwini wothamangitsidwa?

Ndinatembenuka. Ndinakoka. Boti linayenda ndithu, koma dzanja langa lamanja lili ndi mphamvu kuposa lamanzere, ndiye linayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Linga lija linadutsa pamaso panga. Posakhalitsa linadutsanso. Kachitatu mkazi wanga anafunsa mwaulemu wonse:

"Bambo a mwana, malingawa alipo angati kuno?"

Tinagwirizana kuti iye, poti akuona kutsogolo, azindiuza njira. "Kumanzere!" Ine kumanzere. "Ayi, kumanzere kwanga!" Tinali titayang'anizana, kumanzere kwake kunali kumanja kwanga, komanso ukakoka nkhafi ya mbali ina boti limakhotera kwina. Masamu amenewa anandikulira. Pletna yodzaza alendo inatidutsa, bambo wake akupalasa osatuluka ndi thukuta lomwe, alendowo akutibayibitsa. Inakatula anthu, n'kutidutsanso pobwerera. Atsikana awiri a masewera opalasa anatidutsa ngati muvi. Kenako ndinamva kuti mpikisano wa dziko lonse wa kupalasa wachitikira pa nyanja yomweyi kanayi konse, komaliza mu 2011. Ndiye kuti pa malo onse a pansi pano, ine ndinasankha kukaonetsa umbuli pakhomo pa akatswiri.

Atsikana aja ndiwo anandipha. Ndinati nanenso ndionetse mphamvu. Ndinatsamira kutsogolo, ndinakunga mano, n'kukoka ndi moyo wanga wonse. Nkhafi sizinakhudze madzi. Ndinangomva miyendo ili m'mwamba, ine chagada, mutu pa miyendo ya mlamu, pa bokosi lija, phwatya!

Kirimu m'khutu, kasitadi m'khosi mpaka kutsikira kumsana. Mlamu sanapulumutse keke chifukwa manja onse awiri anali pa foni. "Pepani alamu," anatero, uku akujambulabe.

Tinafika kuchilumba patatha ola ndi theka, ulendo umene ena amauyenda mphindi zosakwana 20. Ndinamanga boti ndi mfundo imene ndinalengeza kuti ndi ya asodzi a kwathu.

Kuchokera pamadzi kukafika kutchalitchi pali masitepe 99. Mwambo wa kumeneko umati mkwati anyamule mkwatibwi masitepe onsewo, mkaziyo ali chete osayankhula, ndiye kuti banja lidzakoma. Munthu wanzeru akanapuma. Ine ndinaona mpata wobweza ulemu wanga. Ndinamunyamula. Masitepe khumi oyamba, bwinobwino. Pa 14 mawondo anayamba kukambirana zawo. Pa 17 msana unalira, thee! Mkazi wanga, amene anali atayesetsa kukhala chete, anati:

"Nditsitseni, a bambo. Ana akadali aang'ono."

Masitepe 82 otsalawo ndinakwera nditakolowekeka pa phewa lake, ntchentche zikutsatira kasitadi.

M'tchalitchimo muli chingwe cha belu la mu 1534. Amati ukaliliza katatu n'kupempha chinthu mumtima, chimachitika. Ine ndinapempha msana. Mkazi wanga anakoka chingwecho mwamphamvu, maso ali chitsinzire, nthawi yaitali ndithu. Nditamufunsa chimene wapempha anati ukaulula sichichitika.

Titatsika, boti kulibe. Tinaliona kutali, likuyenda lokha pang'onopang'ono, chingwe chikukwekwereka m'madzi, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti linkayenda mowongoka.

Bambo wa pletna anavomera kutitenga. Ndinalipira anthu atatu, mtengo womwe uja ndinaukana m'mawa. Kumtunda mnyamata wa maboti anapita kukakoka boti lake, ine n'kulipira maola atatu. Sananene kanthu, anangondipatsa kapepala kopukutira khutu.

Tili pa basi yobwerera, foni yanga inayamba kulira mosalekeza. Mlamu anali ataponya kanema uja pa gulu la banja la WhatsApp, ndipo wina anali atakaonetsa malume ku Nkhotakota. Anatumiza mawu. Masekondi 40 oyamba kunali kuseka ndi kutsokomola kokhakokha, kenako anati: "Mphwanga, azunguwo ukawauza kwanu uziti ku Dedza."

Mkazi wanga anali atatsamira pa windo, akumwetulira yekha.

"Mayi a mwana, belu lija munapempha chiyani?"

"Tsopano ndingathe kunena, poti zachitika kale," anatero. "Ndinapempha kuti pobwerera atipalase munthu wodziwa."