Kandege ka mipando inayi ndi mpweya wa ku Lilongwe

Woyamba kumene kuyendetsa ndege pa kompyuta amathamangira zikuluzikulu. Akangotsegula pulogalamu maso amagwera pa Boeing 747 kapena Airbus A320, ndipo ndegezo sizimukaniza. Ukalowetsa njira m'makina ake n'kuyatsa autopilot, imakwera yokha, imakhota yokha, iwe uli phee ukumwa tiyi. Pakatha milungu ingapo munthu amatopa nazo n'kumati m'zimenezi mulibe chophunzira. Ine zambiri zimene ndikudziwa lero ndaziphunzira m'kandege ka mipando inayi, Cessna 172, kamene sikakubisira kalikonse. Ukalakwitsa, kamakuonetsa pompopompo.

Cessna 172 inayamba kugulitsidwa mu 1956, ndipo zapangidwa zoposa 44,000, kuposa mtundu wina uliwonse wa ndege. Masukulu ambiri a uphayiloti amaphunzitsira yomweyi. Injini ndi imodzi, mapiko ali pamwamba moti pansi pamaoneka bwino, ndipo siithamanga kwenikweni, imangoyenda ma knot (muyeso wa liwiro la ndege) 110 mpaka 120. Manambala ake ndi ochepa, oti munthu n'kuwaloweza tsiku limodzi: umadzutsa mphuno pa ma knot 55, umakwera pa 74, umabwera kudzatera pa 65 kapena pafupi pamenepo. Kuwaloweza sikuvuta. Chovuta n'kuchititsa ndege kuti iwamvere.

Phunziro limene landikhalitsa pansi kwambiri ndi la mpweya. Kale ndikamva kuti ndege yayandama m'mwamba ndinkangoganiza za injini. Koma mapiko, pulopela ndi injini yomwe, zonse zimadalira kuti mpweya ndi wothithikana bwanji. Ukamakwera mpweya umapepuka, ukatentha umapepukanso. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 4,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Pa msinkhu umenewo, mabuku a ndege amayembekezera kutentha kwa madigiri 7 okha, chifukwa amawerengera madigiri 15 pa msinkhu wa nyanja yamchere n'kumachotsa awiri pa mafiti 1,000 aliwonse. Tsono taganizani masana a mu Okutobala, dzuwa lili ng'aa, kutentha kwafika 32. Ndiye kuti kwaposa ndi madigiri 25. Digiri iliyonse yopitirira imawonjezera mafiti pafupifupi 120, ndipo ukachulukitsa umapeza 3,000. Ndege ili pansi pa Lumbadzi, koma mapiko ake akumva ngati ili kale pa mafiti 7,000.

Masamu amenewa ndinawamvetsa nditawaona ndi maso. Ndinaika Cessna yodzaza pa msewu wa ndege 14, n'kusintha nyengo kuti ikhale ya m'mawa wa mu Juni, kenako ya masana a mu Okutobala, zina zonse osakhudza. Ya mu Juni inanyamuka mosavuta. Ya mu Okutobala inathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo itadzuka inkakwera ngati minibasi yodzaza pa chitunda cha ku Dedza. Singano yosonyeza kukwera, imene pa msinkhu wa nyanja yamchere imafika mafiti 700 pa mphindi, inangoima cha pa 500. Pamenepo mtima umati koka chiwongolero kuti ikwere msanga, koma ukakoka liwiro limatsika, ndipo likatsika kwambiri mapiko amaleka kunyamula. Kabelu kochenjeza kamayamba kulira. Chofunika n'kusunga 74 yomwe ija n'kupirira. Palinso kabatani kofiira kosakanizira mafuta ndi mpweya, kamene oyamba ambiri amangokakankhira mkati n'kukaiwala. Buku la ndegeyi limati bwalo likakhala pamwamba pa mafiti 3,000 uchepetseko mafutawo usananyamuke, apo ayi injini imamwa mafuta ochuluka kuposa mpweya umene ikupeza, n'kufooka. Anzathu amene amaulukira ku London kapena Amsterdam, kumene mabwalo ali pafupi ndi msinkhu wa nyanja, angathe kutha chaka osakaganizira. Ife a kuno, ndi a ku Johannesburg kumene bwalo la OR Tambo lapitirira mafiti 5,500, sitingakathawe.

Za manambala a pa msewu wa ndege n'zachidule. 14 ija ikutanthauza kuti msewuwo waloza madigiri 140 a pa kampasi, ndipo ukaulowera mbali inayo umakhala 32. Basi.

Chipangizo choyezera msinkhu umene ndege yakwera nacho chimayendera mpweya womwewo. Sichiona pansi ayi, chimangomva kulemera kwa mpweya, ndipo kulemerako kumasintha tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake usananyamuke umawerenga lipoti la nyengo lotchedwa METAR, n'kutengamo nambala ya kulemera kwa mpweyako yotchedwa QNH, n'kuipotokolera pa chipangizocho. Ya pakatikati ndi 1013. Ukaphonya ndi imodzi, waphonya ndi mafiti pafupifupi 30. Ukaphonya ndi khumi, ndi mafiti 300 amenewo, ndipo ngati ukutsikira ku Chileka m'mitambo phiri la Michiru lili pambali, mafiti 300 si nkhani yoseka.

Ulendo umene ndimaubwereza kawirikawiri ndi womwewo, kuchoka Lilongwe kupita Chileka. Pa Cessna umatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo. Ndimazimitsa GPS dala n'kumayendera mapu, kampasi ndi wotchi, ndikuyang'ana phiri la Dedza, kenako zitunda za ku Ntcheu, mpaka mtsinje wa Shire uonekere. Mphepo ikamawomba cham'mbali imakusuntha pang'onopang'ono osazindikira, ndipo ukadzayang'ana pansi umapeza msewu wa M1 uli mbali imene sumayembekezera. Apa m'pamene jogalafe ndi masamu a ku sekondale, amene tinkati tidzawagwiritsa kuti, amabwera kudzalipitsa ngongole.

Kutera ndiye mutu waukulu. Chimene ndaona n'chakuti kutera kwabwino kumapangidwa kutali, ndege isanayandikire n'komwe msewu wake. Ukafika pomaliza liwiro lili 65, mapiko aang'ono akumbuyo aja otchedwa flaps ali pansi, ndege ikutsika mofatsa, zotsalazo zimangotsatira. Ukafika uli pamwamba kwambiri kapena ukuthamanga, umayamba kulimbana nayo, ndipo kulimbanako kumathera pa kudumphadumpha pa phula. M'mbali mwa msewu wa ndege muli magetsi anayi otchedwa PAPI. Awiri oyera ndi awiri ofiira ndiye kuti uli pa njira yoyenera ya madigiri atatu. Oyera okhaokha, wakwera kwambiri. Ofiira okhaokha, watsikitsa. Pali kalamulo kenanso kosavuta: chulukitsa liwiro lako ndi 5, upeza mafiti oti uzitsika pa mphindi. Pa ma knot 70 ndi 350. Chimene chinanditengera nthawi kuzolowera n'chakuti potsika, liwiro umalikonza ndi mphuno ya ndege, pomwe kutsika umakukonza ndi mphamvu ya injini. Manja amafuna kuchita mosemphanitsa. Ndipo zikasokonekera, umaonjezera mphamvu yonse n'kukazungulira kachiwiri. Pa kompyuta palibe amene angafe, choncho chiyeso chokakamiza kutera n'chachikulu, koma amene amakakamiza saphunzira kanthu.

Mbali ina ya chizolowezichi ndi kulankhula. Pali gulu la pa intaneti lotchedwa VATSIM, limene linayamba mu 2001, ndi lina la IVAO la mu 1998, kumene anthu enieni amadzipereka kukhala oyang'anira kayendedwe ka ndege, enafe tikuuluka. Malamulo ndi omwewo a m'ndege zenizeni. Akakuuza zochita umabwereza mawu awo kuti adziwe kuti wamva, ndipo suyenda ngakhale pang'ono asanakuloleze. Tsiku loyamba kudina batani la wayilesi, pakamwa pamauma gwa, ngakhale uli m'chipinda chako utavala patapata. Kumwamba kwa Ulaya madzulo kumadzaza moti mawu amathamanga ngati a pa okushoni ya fodya. Kuno kwathu nthawi zambiri kumakhala zii, ndiye umangotchera wayilesi pa 122.800 n'kumalengeza wekha pomwe uli ndi chimene ukufuna kuchita. Kwa wophunzira zimenezi n'zabwino ndithu, chifukwa umazolowera mawu popanda wokuthamangitsa.

Mkangano umene suutha m'magulu athu ndi woti pulogalamu yabwino ndi iti. Microsoft Flight Simulator ndi yakale, inatuluka koyamba mu 1982, ndipo ya mu 2020, imene inapangidwa ndi kampani ya Asobo ya ku Bordeaux ku France, inamanga dziko lonse kuchokera ku zithunzi za satelayiti za Bing Maps. Yatsopano inatuluka mu Novembala 2024. X-Plane ya Austin Meyer imadziwika ndi kawerengedwe kake ka mphamvu ya mpweya pa chidutswa chilichonse cha phiko, ndipo okonda iyo amati ndege zake zimamveka zenizeni m'manja. FlightGear ndi yaulere. Anthu amatha usiku wonse akukangana, ena n'kukwiyirana kumene. Ine ndimaona kuti mkanganowu ndi wa anthu amene intaneti yawo siiwerengedwa. Ya Microsoft imakoka malo ambiri pa intaneti uku ukuuluka, ndipo kungoiika pa kompyuta kumafuna ma gigabyte ochuluka zedi. Munthu wogula bandulo amasankha ndi thumba, osati ndi maso. X-Plane ukaiika, imayenda popanda intaneti. Magetsi akathima pakati pa ulendo, mapulogalamu onsewa amafanana.

Zipangizo nazo anthu amazikokomeza. Ena amamanga chipinda chonse cha payiloti m'nyumba, masikirini atatu, mabatani mbwee. Zokongola ndithu. Koma joystick (ndodo yowongolera) wamba, yopotokola kuti uwongolere chipsepse cha kumchira, ndi yokwanira kuphunzirira zonse ndatchulazi. Kupotokolako n'kofunika, chifukwa Cessna ponyamuka imakokera kumanzere ndipo umayenera kuibweza kumanja. Kiyibodi yokha ndiye ayi, imakuphunzitsa kugwedeza ndege mwamphamvu m'malo moisisita.

Pali zimene kompyuta singapereke, ndipo aphunzitsi a ndege zenizeni amazidandaula. Thupi silimva kalikonse pampando wa kunyumba, choncho ife a pa kompyuta timazolowera kuyang'anitsitsa zipangizo, pomwe wophunzira weniweni wa Cessna amauzidwa kuti maso azikhala kunja nthawi zambiri. Maola a pa laputopu ya kunyumba sawerengedwanso munthu akamafuna laisensi. Chifukwa cha dandaulo loyambalo, masiku ano ndikamazungulira bwalo pa mafiti 1,000 pamwamba pa nthaka ndimaphimba zipangizo zina ndi kapepala pa sikirini, n'kusiya cha liwiro chokha, kuti ndizolowere kuona pomwe mphuno yakhala poyerekeza ndi malekezero a thambo. Mwezi uno ndikulimbana ndi kutera mphepo ikuwomba cham'mbali pa msewu 10 ku Chileka, kumene umayenera kupendeketsa phiko limodzi kumphepo n'kugunditsa tayala limodzi loyamba. Pa ma knot 8 zikutheka. Pa 15, imene ndi mphepo yaikulu imene opanga ndegeyi anaiyesa, ndikumazungulirabe kachiwiri.