Ufa wotuwa umene umamwa mpweya koma kubweza ayi

Lachiwiri lapitali ndinakhala m'labu maola asanu ndi limodzi maso ali pa kompyuta, kudikira kuti kamzere kosonyeza mpweya wotuluka kasunthe. M'kachitini kachitsulo munali ufa wa maginiziyamu wosakwana theka la supuni ya tiyi. Dzulo lake ndinali nditaupatsa mpweya wa hayidirojeni ndipo unamwa bwinobwino. Tsopano ndinkafuna kuti undibwezere. Pa madigiri 200, zii. Pa 250, zii. Ng'anjo itadutsa 300 m'pamene kamzere kaja kanayamba kukwera.

Anzanga amandifunsa chimene ndimavutikira ndi ufa umenewu. Nkhani yake n'njakuti hayidirojeni ndi mafuta abwino, ukawotcha pamatsala madzi basi, koma ndi wopepuka kwambiri moti kumusunga n'kovuta. Galimoto ya Toyota Mirai imamupanikiza m'matanki mpaka pa 700 bar, kuwirikiza pafupifupi ka 700 kupanikiza kwa mpweya umene timapumawu, kuti inyamule makilogalamu pafupifupi 5. Ukafuna akhale wamadzimadzi, umuzizilitse mpaka madigiri 253 pansi pa ziro. Njira yathu ife ndi yachitatu: timam'lowetsa m'kati mwa chitsulo chenichenicho, n'kukakhala pakati pa maatomu ake. Maginiziyamu akamwa amasanduka MgH2 (maginiziyamu wophatikizana ndi hayidirojeni), amafufuma ngati nyemba zonyika, ndipo 7.6 peresenti ya kulemera kwake amakhala hayidirojeni. Lita imodzi ya MgH2 imasunga magalamu pafupifupi 110, pamene lita ya hayidirojeni wamadzimadzi ili ndi magalamu 71 okha. Mpaka lero zimenezi zimandidabwitsabe, ndipo n'zimene zinandikokera ku ntchitoyi.

Mavuto ake ndi awiri, ndipo anthu ambiri amawaphatikiza. Loyamba ndi kuchedwa. Maginiziyamu akangokhudzana ndi okosijeni amavala kachikopa kamene mpweya sudutsa msanga. N'chifukwa chake ufa wathu timaugwira m'bokosi lagalasi lodzaza argon, mpweya umene suphatikizana ndi chitsulo, manja ali m'magolovesi aatali ofika m'mapewa. Ngakhale kachikopako kachoke, kunja kwa kambewu ka ufa kumayamba kusanduka MgH2 n'kutsekera m'kati, ngati mbatata yootcha pa moto wolilima: kunja yapsa, m'kati ikadali yaiwisi. Vuto ili linapezeredwa mankhwala. Timapera ufawo m'kachigayo ka timipira tachitsulo kwa maola ambiri mpaka timbewu tichepetsetse, n'kuthiramo kothandizira pang'ono, kanthu kofulumizitsa kumwa ndi kubweza mpweya. Mu 2003 Barkhordarian, Klassen ndi Bormann ku Geesthacht, m'dziko la Germany, anaonetsa kuti kothandizira kotchedwa Nb2O5 (chitsulo cha niobium chophatikizana ndi okosijeni) kochepa chabe kamapangitsa kuti zimene zinkatenga maola zizitha m'mphindi zowerengeka.

Lachiwiri ndiye limandisowetsa tulo. Maginiziyamu amagwira hayidirojeni mwamphamvu zedi. Kuti amasule mole imodzi (magalamu awiri a hayidirojeni) pamafunika kutentha kokwana 75 kJ (kJ ndi muyeso wa mphamvu), pamene mole yomweyo ukaigwiritsa ntchito imakupatsa 242 kJ. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuchepera pang'ono, lapita pongotsegula nkhokwe. Apa kothandizira kalibe mphamvu. Kamafulumizitsa ulendo, koma mtengo wake ndi womwewo. Ndimakhumudwa ndikawerenga pepala lonyadira kuti ufa wawo watulutsa mpweya pa madigiri 180, kenaka n'kupeza m'timalemba tating'ono kuti ankachita kuukoka ndi pampu. Thanki yeniyeni imafunika kukankha mpweya yokha.

Njira yotsitsira kutenthako ndi kusakaniza maginiziyamu ndi chitsulo china kuti afooke pogwira. Reilly ndi Wiswall anachita zimenezi ku labu ya Brookhaven ku America mu 1968 ndi chitsulo cha nickel, n'kupeza Mg2NiH4. Mphamvu yofunika inatsika kufika cha pa 64 kJ, kutentha n'kutsika kufika cha m'ma 250. Koma hayidirojeni wosungidwa anagwa kuchoka pa 7.6 kufika pa 3.6 peresenti. Wataya zoposa theka la katundu pofuna madigiri makumi angapo. Padutsa zaka zoposa 50, ndipo malonda ake akadali omwewo. Fuel cell ya galimoto, chipangizo chimene chimasandutsa hayidirojeni kukhala magetsi, imatentha cha pa madigiri 80 okha, sizingatheke kuti itenthetse thanki yotere.

Ine maganizo anga ndi akuti tisiye kulonjeza anthu za galimoto. Malo a maginiziyamu ndi pansi, pafupi ndi fakitale imene ikutaya kale kutentha m'chumuni, kumene kulemera kwa thanki sikudetsa nkhawa aliyense. Gulu la Patricia de Rango ndi Daniel Fruchart ku Grenoble, m'dziko la France, linaona zimenezi kalekale. Anasakaniza ufawo ndi graphite (chakuda cholembera cha m'pensulo) n'kuudinda kukhala timabulungwa taphwatalala kuti kutentha kuziyenda msanga, ndiponso anapeza njira yosungira kutentha kumene kumatuluka ufa ukamamwa mpweya, kuti kudzagwirenso ntchito poubweza. Kampani ya McPhy inayambira pa ntchito imeneyi mu 2008, ndipo mu 2023 gululo linalandira European Inventor Award. Sanalimbane ndi ma 75 kJ aja, anangowasunga.

Ufa wanga wa Lachiwiri unabweza 6 peresenti ndi kanthu pa madigiri 320. Ndautsekera m'kabotolo m'bokosi la argon. Mawa ndiupatsanso mpweya kachikhumi, chifukwa chimene ndikufuna kudziwa tsopano n'chakuti timbewu tija tiyamba liti kumatirirana chifukwa cha kutentha.